Zolemba za ntchito ya kapasita: ufa wa barium titanate, epoxy ndi nkhungu ya pa Dedza

Sabata yoyamba ya Meyi

Kope lakale lija linagwera m'mafuta, manambala a miyezi iwiri n'kufufutika. Kuyambira lero zonse ndizilemba pano.

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kukonza zamagetsi pa boma pano: mainveta a sola, makina owotcherera zitsulo, ndi timabokosi tija toponya magetsi mu waya wa mpanda. Timabokosi timeneti amabwera nato ndi oweta ng'ombe, nthawi zina anthu a kumidzi ya kufupi ndi nkhalango komwe njovu zimalowa m'minda. Ukatsegula, kawirikawiri chakufa chimakhala chimodzi, kapasita wamkulu amene amasunga magetsi n'kuwaponya nthawi imodzi. Watupa, kapena wang'ambika, kapena akuoneka bwinobwino koma ukamuyeza wataya theka la mphamvu. Watsopano ndimamudikira milungu kuchokera ku Johannesburg. Ndiye tsiku lina ndinang'amba wakufa mmodzi kuti ndione chimene chili m'katimo chimene ife sitingapange.

Kuphweka kwake n'kochititsa manyazi. Zitsulo ziwiri zopyapyala, pakati pake chinthu chosadutsa magetsi chimene pa ntchito yathu timati dielectric. Luso lonse lili pa chapakaticho. Botolo la ku Leiden la mu 1745 ndi 1746, kholo la makapasita onse, chapakati chake chinali galasi. Wanga wong'ambayo munali pulasitiki ya polypropylene yokokedwa mbali ziwiri, imene amati BOPP, yopyapyala kuposa tsitsi, yopakidwa chitsulo mbali imodzi n'kukulungidwa ngati mpukutu wa bandeji.

Mphamvu imene chapakaticho chingasunge imadalira manambala awiri. Yoyamba ndi permittivity, ndiye kuti kuchuluka kwa magetsi amene chinthucho chimalola kuunjikana pa zitsulo zija. Ya mpweya ndi 1, ya BOPP ndi 2.2, ya epoxy (guluu amene akauma amakhala pulasitiki yolimba) ili cha m'ma 4, pamene ya barium titanate (mankhwala a ufa woyera) woumba n'kuwotcha imafika masauzande. Yachiwiri ndi voteji imene chinthucho chingapirire pa milimita imodzi chisanabooke. BOPP yabwino imapirira cha m'ma 600 kV (mavoti 600,000) pa milimita, barium titanate safika ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo khumi a pamenepo. Wina amameza zambiri koma ndi wofooka, wina ndi wolimba koma m'mimba mwake ndi mochepa. Cholinga cha ntchito ino ndi kuwakwatitsa: ufa wa barium titanate m'kati mwa pulasitiki, kwa ine epoxy m'malo mwa BOPP, ndione ngati mwana wake atenge zabwino za onse awiri.

Chimodzi ndalemba ndi makala pa khoma kuti ndisaiwale. M'masamu a mphamvu, permittivity imalowa kamodzi, koma voteji yopirira ija imadzichulukitsa yokha. Ikatsika ndi theka, mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi.

Sabata yachiwiri ya Meyi

Zida. Voteji yokwera ndikuitenga ku flyback, transifoma yaing'ono ya mu TV yakale ya chubu, imene imatha kupitirira 20 kV. Poyezera ndalumikiza maresista ambiri motsatizana m'kati mwa paipi ya pulasitiki kuti mita izilandira gawo limodzi mwa 1000. Pampu yokoka mpweya ndi kompresa ya firiji yakufa yolumikizidwa ku botolo lalikulu la galasi. Uvuni ndi kaja kophikira makeke kamene mayi a kunyumba anakasiya.

Mwana wa mlongo wanga, amene ali pa tchuthi, ndiye akundithandiza. Malamulo ndamuuza atatu ndipo ndimamubwerezera m'mawa uliwonse: dzanja limodzi m'thumba, ndodo yokhuthulira magetsi, ya waya wolumikizidwa ku nthaka, ikhudze kaye chilichonse tisanachigwire, ndipo kapasita amene sitikumugwiritsa ntchito azikhala womangidwa waya pakati pa miyendo yake. Lachitatuli anaseka. Ndinatenga kapasita wamkulu, n'kumudzaza, n'kumukhuthula, n'kudikira mphindi zisanu, n'kuyezanso. Voteji inali itabwerera pang'ono yokha. Dielectric imabisa magetsi ena m'thupi mwake n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Sanasekenso.

Timbale tathu toyesera, timene tiziumba ndi ufa ndi epoxy, si toopsa kwenikweni. Ka 100 pF (pF ndi muyeso wa kukula kwa kapasita) pa 20 kV kamasunga 0.02 joule yokha, pamene makina a kuchipatala odzutsira mtima amaponya 200 mpaka 360 joule. Choopsa ndi gwero la magetsilo.

Sabata yachinayi ya Meyi

Ufa wafika pa basi, magalamu 250, woyera ngati ufa woyera weniweni koma wolemera modabwitsa. Poyamba ndinkaganiza zoupanga ndekha. Njira yake ndi yodziwika: barium carbonate ndi titanium dioxide, kusakaniza, kuwotcha kupitirira madigiri 1,100. Dedza ndi kwa oumba makapu ndi mbale, ng'anjo zofika pamenepo zilipo. Koma barium carbonate ndi poizoni, ankathirira makoswe, ndipo sindingapemphe munthu kuti ndiike zimenezo m'ng'anjo yowotchera mbale zodyera. Ndinagula wopanga kale.

Tinasakaniza koyamba Lachitatu. Ndinayeza galamu imodzi ya ufa pa magalamu asanu ndi anayi a epoxy, n'kulemba kuti 10 peresenti. Mnyamata uja anayang'ana kope nthawi yaitali.

"Amalume, khumi ameneyu ndi wa kulemera kapena wa malo?"

Ndinakhala chete. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Barium titanate amalemera magalamu 6 pa cm³ imodzi, epoxy pang'ono kupitirira galamu imodzi. Masamu onse a zosakaniza amawerengera malo amene ufa watenga, osati sikelo. Chimene ndinachitcha 10 peresenti chinali cha m'ma 2 basi. Kuti ufa utenge 10 peresenti ya malo uyenera kukhala cha m'ma 37 peresenti pa sikelo, ndipo 30 peresenti ya malo ndi pafupifupi 70 pa sikelo. Magalamu 250 aja mwadzidzidzi achepa.

Sabata yoyamba ya Juni

Timbale timaumbidwa pakati pa magalasi awiri opakidwa polishi wa pansi kuti tisamatirire, m'mbali mwake tizitsulo topyapyala toyezera mipata, ta feeler gauge, ta 0.2 mm kuti kuchindikala kufanane. Toyamba tinatuluka tokongola, toyera, tosalala. Nditakweza kamodzi ku dzuwa ndinaona timadontho towala paliponse. Chikomekome cha nkuyu. Thovu.

Vuto ndi kuzizira. M'mawa wa Juni pano epoxy imalimba ngati uchi wa m'botolo, ukavundula mpweya umalowa osatulukanso. Ya 30 peresenti ndiye chiponde chenicheni. Ndiponso ufa suvomera kumwazika, umagwirana timibulu ngati nsima ya mwana wophunzira kuphika. Tsopano tikuchita chonchi: ufa ugone mu uvuni maola awiri kuti uume, epoxy tiifunditse m'madzi a madigiri 40, tipere zonse pamodzi m'kamtondo ka galasi kwa theka la ola, kenako botolo la kompresa mpaka thovu litasiya kukwera, ndipo hardener, mankhwala oumitsa epoxy, alowe pomaliza.

Pamenepo panabuka lina. Epoxy ikakhala yamadzimadzi kwambiri ufa wolemera uja umamira usanaume, kambale n'kutuluka ndi nkhope ziwiri, pansi choko, pamwamba galasi. Tikutembenuza magalasi mphindi khumi zilizonse mpaka itayamba kugwira. Ntchito yotopetsa, mnyamata ndiye waisenza.

Sabata yachiwiri ya Juni

Kuyeza permittivity n'kosavuta. Timamata kachitsulo kozungulira ka 20 mm mbali zonse ziwiri. Pa kukula kumeneku ndi kuchindikala kwa 0.2 mm, mpweya wokha ukanapereka 13.9 pF, ndiye nambala ya pa mita ukaigawa ndi 13.9 wapeza permittivity. Epoxy yokha yapereka pafupifupi 4, monga mwa mabuku. Ya 10 peresenti ili pakati pa 6 ndi 7. Ya 30 peresenti ili cha m'ma 14.

Ndivomere kuti ndinakhumudwa. Ufa wa masauzande, ndathira mpaka dzanja kuwawa, n'kundipatsa 14? Lamulo la Lichtenecker lowerengera zosakaniza limalonjeza cha m'ma 20 pa mlingo umenewu, nalonso silinena za masauzande. Chifukwa chake ndachimvetsa nditajambula pa pepala. Kanjere kalikonse ka ufa kazunguliridwa ndi epoxy, ndipo magetsi podutsa amakumana ndi njere, epoxy, njere, epoxy motsatizana. Zinthu zikakhala motsatizana chonchi, chochepa ndicho chimalamula. Zili ngati msewu wa tara umene uli ndi timilatho ta mitengo makilomita awiri aliwonse: lole iyenda monga mwa timilatho.

Sabata yachitatu ya Juni

Sabata ino yapita ndi mpweya wa pa Dedza.

Pobooletsa timbale sindigwiritsa ntchito zitsulo zosongoka kapena za m'mbali mwakuthwa, chifukwa magetsi amaunjikana pa nsonga n'kuboola msanga. Ndikugwiritsa ntchito mabolo awiri achitsulo a mu bearing, kambale pakati. Titakweza voteji, moto unathetheka ndithu, koma kambale kanatuluka kopanda bala. Motowo unazungulira m'mbali, kudutsa mu mpweya. Tinadula kambale kokulirapo, chimodzimodzi.

Mabuku amati mpweya umabooka pa 3 kV pa milimita, koma imeneyo ndi nambala ya kunyanja yamchere. Tauni ino ili cha m'ma mamita 1,600 pamwamba pa nyanjayo, mpweya wake ndi wopepukirapo, ndipo mpweya wopepuka umabooka msanga, pano mwina cha m'ma 2.5. Ndiponso moto ukapeza pokwawa, pankhope pa chinthu, umayenda mtunda wautali kuposa mu mpweya wokha, makamaka pankhopepo pakakhala chinyezi. Masiku ano phiri silikuoneka mpaka cha m'ma 9 koloko, nkhungu ili tolotolo mpaka m'khonde.

Njira yake ndi kumiza zonse m'mafuta, monga amachitira m'malabu. Munthu wina atamva anabwera ndi chigubu cha mafuta a transifoma madzulo, mtengo wabwino. Ndinamubweza. Mafuta otere sagulitsidwa m'makona ngati sanabedwe, ndipo a m'matransifoma akale ena muli mankhwala a PCB amene amakhalitsa m'thupi ndi m'nthaka. Ndagula mafuta ophikira a mpendadzuwa. Si nthabwala: matransifoma ena masiku ano amadzazidwa mafuta ochokera ku mbewu monga soya. Ndawatenthetsa kupitirira pang'ono madigiri 100 kwa maola angapo kuti madzi achoke, n'kuwaziziritsa m'botolo lotseka. Mayi a kunyumba anafunsa ngati tayamba bizinesi ya tchipisi.

M'mafuta kambale koyamba kanabooka ndi kaphokoso kakang'ono, thwa, n'kusiya kabowo kakuda kochepa ngati ka singano.

Sabata yachinayi ya Juni

Magetsi anazima pakati pa kuumitsa, uvuni n'kuzizira, timbale khumi ndi tiwiri tinatuluka tofewa. Tataya. Taumbanso.

Chinanso: timbale timene tagona pa tebulo usiku tikubooka msanga kuposa timene tangochoka mu uvuni, ndipo permittivity yake ikukwera monama. Ndi madzi. Permittivity ya madzi ndi pafupifupi 80, ndipo amakonda kukhala pamalire pa njere ndi epoxy. Munthu wosadziwa akhoza kusangalala kuti nambala yakwera. Tsopano kambale kalikonse kakugona m'chitini chotseka pamodzi ndi timapaketi ta silica gel totola m'mabokosi a nsapato.

Sabata yoyamba ya Julaye

Manambala enieni. Kambale kamodzi sikanena kanthu, chifukwa kamabookera pamene pali chilema chachikulu, ndipo chilemacho chimagwa mwa mwayi. Ndiye mtundu uliwonse tayesa malo khumi, n'kusanja manambala kuyambira wochepa, n'kuwerengera mwa njira ya Weibull, injiniya wa ku Sweden amene ankafufuza za kuthyoka kwa zinthu. Nambala imene imatengedwa ndi voteji imene 63.2 peresenti ya malo amakhala atabooka.

Epoxy yokha yapirira cha m'ma 60 kV pa milimita. Ya 10 peresenti cha m'ma 50. Ya 30 peresenti yagwera pa 25, ndipo manambala ake ndi omwazika, ena okwera ena otsikiratu.

Ndikaika m'masamu, epoxy yokha ikusunga 0.064 joule pa cm³, ya 10 peresenti 0.072, ya 30 peresenti 0.039. Ndiye kuti imene inadya ufa wambiri, imene inatipweteka manja, imene ili ndi permittivity yoposa katatu, ikugonja kwa epoxy yopanda kanthu. Mawu a pa khoma aja ndinawalemba ndekha, komabe mtima unali ukuthamangira 14 uja.

Ndipo BOPP pa 600 kV pa milimita imafika 3.5 joule pa cm³. Kambale kathu kopambana katsalira pafupifupi ka 50. Mnyamata anawerengera kawiri poganiza kuti walakwitsa.

"Ndiye amalume, tikuvutikiranji?"

Ndinamuyankha kuti kuyerekezako kuli ndi kokondera pang'ono. Chinthu chikakhala chopyapyala chimapirira voteji yambiri pa milimita, chifukwa zilema zimachepa ndipo kutentha kumatuluka msanga. BOPP imayezedwa ili yopyapyala kakhumi kapena kuposa poyerekeza ndi timbale tathu. Koma sindinamunamize kuti tiipeza. Kapasita wa m'bokosi la mpanda tipitiriza kugula.

Sabata yachiwiri ya Julaye

Ndakhala masiku atatu ndi galasi lokulitsira zinthu ndi lezala, kudula timbale tobooka. Mwa mabowo khumi a mtundu wa 30 peresenti, ambiri ali pafupi ndi kabulu ka ufa kapena kathovu kamene kanatipulumuka. Apa ndi pamene nkhani yonse yagona, ndiye ndilembe mofatsa.

Njere ya permittivity yokwera siilola magetsi ambiri m'kati mwake, imawakankhira kunja. Masamu a kanjere kozungulira amaonetsa kuti pamwamba pake ndi pansi pake, mu epoxy yoyandikana nayo, kukoka kwa magetsi kumafika katatu poyerekeza ndi kwina konse. Ndiye mita ikamati 25, epoxy ya pamphumi pa njere ikumva 75. Njere ziwiri zikayandikana, kampata ka pakati pake kamamva zoposa pamenepo. Mtolo wonse ukusenzedwa ndi epoxy, ndipo ufa ukachuluka osenza amachepa, mtolo n'kukula.

Thovu ndi loipa mwa njira ina. M'kati mwake muli mpweya, umene umalandira kukoka kokulirapo kuposa epoxy yozungulira pamene ndi wofooka kwambiri. Umayamba kuthetheka m'katimo mwakachetechete voteji ikadali yotsika, timoto timeneto n'kumadya khoma la thovu, mpaka kanjira kakuda kamera nthambi ngati mizu ya mtengo kulowera ku chitsulo. Pa kambale kamodzi ka epoxy yokha ndinakaona kamtengo kameneka ndi maso, kokongola moopsa.

Apa ndamvetsanso chifukwa chimene makapasita a m'timabokosi ta mpanda amafera pang'onopang'ono. Chitsulo chopakidwa pa BOPP n'chopyapyala kwambiri moti pakabooka, moto umachiuluza pozungulira bowolo, malowo n'kudzipatula, kapasita n'kupitiriza ntchito atachepa pang'ono. Amadzichiza yekha. Akachita zimenezi kambirimbiri ndi pamene ndimamupeza atatsala theka. Timbale tathu tilibe mwayi umenewu, bowo limodzi ndi maliro.

Sabata yachinayi ya Julaye

Ofufuza akunja amalimbana ndi vuto lomweli m'njira zingapo. Ena amaveka njere iliyonse kachikopa ka silica kapena alumina kuti kusiyana kwa permittivity kusakhale phompho. Ena amapaka ufa mankhwala a silane kuti ugwirane bwino ndi pulasitiki. Ena amathira timapepala ta boron nitride, tosadutsa magetsi koma totulutsa kutentha, kuti titchinge njira ya kamtengo kaja. Ena amasanja magawo, wolimba ndi wa permittivity yokwera mosinthana. Zambiri mwa izi sindingazifikire. Koma za timapepala ndi za magawo zinandikumbutsa Linthipe.

Ku Linthipe kuli dongo loyera la kaolin, ndipo njere za kaolin mwachibadwa ndi zaphanthiphanthi. Kaolin wowotcha amathiridwa kale m'pulasitiki yokutira mawaya a magetsi kuti isamadutsitse magetsi. Ndinakwera minibasi Loweruka, ndinabwera ndi kathumba. Bambo wina wachikulire woumba ndiye anandiphunzitsa kuyeretsa: kusungunula m'chidebe, kusiya mchenga umire, kutsanulira madzi oyera a pamwamba m'chidebe china, kudikira masiku awiri. Nditawauza kuti ndikufuna kuliwotcha lili ufa, osaumba kanthu, anandiyang'ana ngati wodwala.

"Mwana wanga, dongo losaumba ukaliwotcha upindulanji?"

"Ndikufuna madzi a m'kati mwake achoke, bambo."

"Aa, amenewo amachoka moto ukayamba kufiira. Usafulumire."

Akunena zoona. Madzi omangika m'thupi la kaolin amachoka cha pakati pa madigiri 500 ndi 600, ndipo ng'anjo imayamba kufiirira cha pomwepo. Anandiikira kambiya kanga pakona pa ng'anjo yawo, sanalandire kanthu.

Sabata yachiwiri ya Ogasiti

Timbale ta magawo atatu: kunja mbali zonse epoxy ya kaolin pang'ono, pakati epoxy ya 10 peresenti ya barium titanate. Kuumba kwake n'kovuta. Gawo loyamba likaumiratu lachiwiri silimata bwino, pamalire pamatsala mpata, ndipo mpata wafulati ndi woipa kuposa thovu lozungulira. Likakhala lofewa kwambiri magawo amasakanikirana. Pali kanthawi kamene chala chimamata koma osanyamula kanthu, ndi pamenepo.

Tayesa malo asanu ndi limodzi okha, ndiye sindilemba nambala ya Weibull. Palibe pamene pabooka pansi pa 50 kV pa milimita, ndipo manambala ali pafupipafupi kusiyana ndi kale. Permittivity yatsikira cha m'ma 5. Ngati mphamvu yakwera, yakwera pang'ono, ndipo sindingalumbire kuti ndi kaolin wachititsa osati kuti manja athu angozolowera kuchotsa thovu. Kuti ndisiyanitse ndiyenera kuumba timbale ta magawo atatu topanda kaolin, tsiku lomwelo, kuchokera m'kapu imodzi ya epoxy.

Zimene sindinayeze n'komwe: magetsi amene amatayika ngati kutentha podzaza ndi pokhuthula, ndi khalidwe la timbale tikatentha. Bokosi la mpanda limakhala padzuwa, ndipo kumunsi kwa phiri cha ku Mtakataka mu Okutobala si pa Dedza. Barium titanate amasintha khalidwe cha pa madigiri 120 mpaka 130, BOPP imayamba kufooka ikayandikira 100, ndipo epoxy yanga ya m'sitolo mwina ifewa isanafike n'komwe pamenepo.

Ufa watsala magalamu 60. Mnyamata akubwerera kusukulu Lolemba, ndiye wotembenuza magalasi ndikhala ndekha. Ndapeza feeler gauge ya 0.1 mm; timbale totsatira tikhala theka la kuchindikala kwa poyamba, ngati tingachoke pa galasi osang'ambika. Mafuta a mpendadzuwa aja ada ndi mwaye wa mabowo, mawa ndisefa ndi kuwatenthetsanso.